Siginecha Imene Inaonedwa ndi Nkhuku

Ndinanyamuka ku Chinyunyu Lachiwiri m'mawa, nthunzi ya pa akasupe otentha ikufuka m'tchire ngati wina akuwotcha makala. M'thumba la jekete munali reji yanga, chitupa cha boma chokhala ndi chithunzi, ndi pepala limodzi lotayipa, lokulungidwa m'pulasitiki ya shuga.

Pepalalo linali la Esinati, mwana wanga woyamba, nesi pa chipatala cha mishoni. Anali atapeza ntchito ku Botswana, koma a kumeneko anaona kuti pa satifiketi ya sukulu pali Esnart, pa reji yake pali Esinati. Anati bambo ake akalumbire pamaso pa notale, loya wa chidindo chimene amachikhulupirira ngakhale kunja kwa dziko, kuti awiriwo ndi munthu mmodzi. Pepala likapanda kutumizidwa sabata imeneyo, malo apatsa wina.

Ine sukulu sindinaiponde. Kuwerenga ndinaphunzira ndili ndi ndevu kale, pa nyuzipepala zokulungira nsomba za kapenta, ndipo palibe chimene ndimanyadira ngati siginecha yanga, ya mchira wopindika ngati wa nyani. Tsono dzulo lake ndinakhala pakhonde n'kusainiratu pepalalo mosafulumira, kuti ndisakatayitse nthawi anthu akuluakulu a m'tauni. Inatuluka yokongola moti ndinaitana amake Esinati adzaone.

Basi yochokera ku Chipata inaima dzuwa litakwera pang'ono. Kondakitala anati mapini atatu, ndiye kuti masauzande atatu a makwacha.

"Chaka chatha inali pini imodzi," ndinatero.

"Ba mudala, chaka chatha nainenso n'nali mbeta. Kwelani chabe!"

Malo anga anali pa thumba la nshawa pakati pa mipando. Pafupi panakhala mayi wina wopita ku msika wa Kamwala kukaoda salaula, zovala za kaunjika. Atamva za ulendo wanga anafunsa ngati notale amakhala ku khoti. Ndinamufotokozera zambiri, ndi mawu a munthu wodziwa, ngakhale dzinalo ndinali nditangolimva Lamulungu lapitalo.

Pa Chongwe tinaima kuti injini imwe madzi. Ndinagula vitumbuwa viwiri ndi kapu ya munkoyo, ndikudya ndi dzanja lamanzere kuti lamanja lisapake mafuta pa pepala. Titapitirira mphambano ya ku eyapoti ndi Chelston, magalimoto anachuluka, ndipo tinalowa m'Lusaka dzuwa lili pamutu.

Ofesi inali m'nyumba yosanjikizana cha kuseri kwa Cairo Road. Chikepe ndinachiyang'ana, nacho chinandiyang'ana, ndinasankha masitepe. Mlembi anandilowetsa kwa notaleyo, mayi wa imvi ndi magalasi, amene anandipatsa moni mwaulemu n'kupempha reji. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, anabwereranso ku chithunzi.

"Tsitsi linapita kuti, atate?"

"Linatsagana ndi ana ku sukulu, amayi."

Anaseka. Koma atafunyulula pepala, kuseka kunatha.

"Wasaina apa ndani?"

"Ndine," ndinayankha chifuwa chili patsogolo.

"Anakuonani ndani?"

"Akazi anga. Ndi nkhuku imodzi."

Anavula magalasi. Anandiuza pang'onopang'ono kuti iwo sagulitsa chidindo ayi, ntchito yawo ndi maso. A ku Botswana sandidziwa ine, ndiye amabwereka maso a notale: kuti anaona nkhope, anaona reji, anamva lumbiro, anaona dzanja likulemba. Chimene sanachione sangachiikire umboni, ngakhale chikongole bwanji.

M'maganizo ndinaona Esinati akumasula sutikesi imene anali atayamba kale kulongedza, chifukwa cha mchira wa nyani. Ndinafunsa ngati ndibwerere kumudzi kukatenga lina.

"Iyayi, khalani pansi. Pepala si mwana, tibereka lina."

Mlembi analitayipanso, makina akulira ngati matalala pa malata. Kenaka mayi aja anandiwerengera mawu onse, nawamasulira m'Chinyanja, ngakhale ndinawauza kuti Chingerezi ndimachimva ndithu, chikamayenda pang'onopang'ono. Anandigwiritsa Baibulo.

"Mukulumbira kuti Esnart ndi Esinati ndi munthu mmodzi?"

"Amayi, Esinati tinabereka mmodzi. Akanakhala awiri, fizi ikanandipha."

"Yankhani kuti inde, atate."

"Inde."

Anandipatsa bolopeni yawo yolemera. Apa ndiye dzanja linandipandukira. Maso anayi, awiri awo ndi awiri a magalasi, anali pa zala zanga. Chimene chinatuluka sichinali mchira wa nyani. Chinali ngati pamene nkhuku ija yapalasa. Ndinapempha kuti ndiyesenso.

"Imeneyi ndiye yabwino," anatero. "Ndaiona ndi maso anga."

Anasaina pansi pake, anamata kapepala kofiira konga duwa, n'kukafinya ndi chitsulo mpaka zilembo zinatukuka, zomveka ndi chala. Ndinalipira kwa mlembi, ndipo pepala ndinakalisiya kwa mnzake wa Esinati amene ankakwera basi ya ku Botswana m'mawa mwake.

Pobwerera ndinapeza lole yopita ku Rufunsa, ndinakhala kumbuyo pa matumba a fetereza ndikukukuta chimanga chootcha. Ndinatsika pa Chinyunyu dzuwa likulowa. Amake Esinati anandichingamira pa msewu.

"Aikonda siginecha ija?"

"Aikonda kwambiri," ndinatero, "mpaka andiuza kuti ndibwere nayo kunyumba."

Esinati anapita mwezi wotsatira. Siginecha yonyansa ija inawoloka Zambezi, inalowa m'maofesi amene ine sindidzawaona, ndipo kulikonse anaikhulupirira, poti panali munthu amene anaona ikulembedwa. Yokongola ija ili m'Baibulo langa mpaka lero. Mboni zake zinali ziwiri, ndipo imodzi tinaidya pa Khirisimasi.