Chimbale cha ku Beira

Ndinanyamuka ku Chilobwe Loweruka m'mawa, kabokosi ka CD nditakakulunga m'mpango ngati mandasi otentha. Pachikuto pali mzungu wachipewa atakhala pamchenga, gitala ili pamiyendo. Malemu amuna anga, bambo a Chifundo, anagula chimbalechi ku Beira akuyendetsa thiraki. Nyimbo zake n'zosathamanga: kantire ya ku America, magitala aulesi pang'ono, ndi ting'oma ta kunyanja yamchere komwe ankati adzanditengera. Pogawa katundu wa malemu, alamu anga ananyamula wailesi kupita nayo ku Mulanje, ine n'kutsala ndi kabokosiko. Chaka chonse sindinakakhudze. Koma m'nyumba munafika pozizira, ndipo ndinafuna kumvanso phokoso la munthu wanga.

M'minibasi tinapanikizana anayi pampando. Kondakitala analandira sauzande yanga n'kunena kuti, “Mayi, sunthani, malo alipo.” Malowo ankawaona yekha.

M'tauni ndinalowa m'shopu yoika nyimbo m'mafoni. Mwini wake anaseka.

“CD, mami? Makompyuta a masiku ano alibe poloweramo. Ndingokupangirani dawunilodi.”

Ndinakana. Ndinkafuna chimbale chomwecho chimene manja a amuna anga ankagwira. Mwini shopuyo anandilozera ku Limbe, kwa okonza mawailesi.

Minibasi yachiwiri inaimaima pa Ginnery Corner ndi pa Chichiri ngati ikulonjera abale. Ndinafika ku Limbe dzuwa lili paliwombo, n'kudya chipisi cha pachiwaya choimirira, ndekha. Kuseri kwa msika ndinapeza a Matola, bambo aimvi, atazunguliridwa ndi mitembo ya mawailesi. Anapukuta fumbi pa imodzi n'kutambasula dzanja.

“Bweretsani, mayi, timve.”

Ndinatsegula kabokosi. Munalibe kanthu.

“Munaimvera pati komaliza?” anafunsa a Matola.

Pomwepo ndinakumbukira. Chimbale chinali chitatsalira m'wailesi, ndipo chinapita ku Mulanje limodzi ndi mipando.

A Matola sanaseke. Anandipatsa benchi, anawerenga dzina pachikuto, n'kufufuza pafoni yawo mpaka nyimbo zonse zinalowa mu yanga. Dawunilodi yomwe ndinaikana m'mawa ndinailandira ndi manja awiri.

Pobwerera ndinakhala pawindo, foni ili pakhutu. Gitala inayamba mwaulesi wake womwe uja, ndipo ndinamwetulira. Kenako inafika nyimbo yachitatu. Chimbale chathu chinali chokalika pamenepo: mzungu uja ankachita chibwibwi mpaka bambo a Chifundo amenye wailesi n'kunena kuti, “Imba bwino, iwe!” Ndinadikira. Nyimbo inangodutsa bwinobwino, osakodwa.

Pamenepo m'pomwe ndinalira, pa Chichiri, pakati pa anthu osandidziwa. Ndinazindikira kuti tsiku lonse sindinkasaka nyimbo ayi, ndinkasaka pokalika paja. Loweruka likubwerali ndikwera basi ya ku Mulanje. Wailesi akhale nayo alamu, ine andipatse chimbale changa chachibwibwi.