Nsalu zotsala kwa telala zakwera pakhoma

Sabata yatha ndinaulula chinsinsi cha mnzanga, ndipo ndisakunamizeni, sindikumva chisoni ngakhale pang'ono.

Mnzangayo ndi Che Idrisa, telala wochokera ku Mangochi amene ali ndi kashopu kuseri kwa sitolo ina ku Pretoria North. Amalawi ambiri kuno timasoketsa kwa iwo. Dzanja ali nalo, koma mlandu wa matelala onse nawonso sunawaphonye. Mukuudziwa. Mumapereka nsalu ya mamita anayi, mumalandira diresi, n'kufunsa kuti, "Nanga yotsala ili kuti?" Telala amayang'ana kudenga n'kuyankha kuti, "Inathera mumpendero, amayi."

Kodi alipo anakhulupirirapo yankho limeneli?

Zidutswa za Che Idrisa sizinkathera mumpendero ayi. Zinkalowa m'thumba pansi pa makina, ndipo ntchito ikachepa ankazitulutsa n'kumazilumikiza. Zaka zisanu ndi ziwiri akulumikiza, mpaka inatuluka nsalu yaikulu ngati chitseko cha galaja. Pansalupo pali basi yochoka kumudzi kubwera ku Joni, ikukoka ngolo yodzaza matumba ndi zikwama zomanga ndi zingwe, msewu ukukhotakhota m'mapiri. Nkhope za anthu sanasokepo, koma windo lililonse la basiyo lili ndi kansalu kakekake.

Tsiku lina kunabwera mayi wa konkuno kudzafupikitsa thalauza. Mayiyu amagwira ntchito ku myuziyamu, nyumba yaikulu ija ya m'tauni yosungiramo zojambula ndi zosema. Ataiona nsaluyo, za thalauza anaiwala. Anawauza kuti kukubwera chionetsero cha ntchito za manja za anthu okhala mumzinda uno, ndipo aliyense ndi wololedwa kupereka yake. Che Idrisa anapereka mongoyesa. A myuziyamu anailandira, n'kuipachika pakhoma.

Apa m'pamene mantha anawagwira.

"Achimwene, chonde musauze munthu," anandipempha. "Amayi osoketsa kwa ine akakaona nsalu zawo pakhoma, ine ndatha. Adzati telala wakuba wadziulula yekha. Ndani adzabweretsenso nsalu pano?"

Sankanena zoseka. Kashopu kameneko ndi kamene kamadyetsa banja lawo ku Mangochi, ndipo telala mbiri ikaipa, makina amachita dzimbiri. Ndinalonjeza kuti nditseka pakamwa. Koma amene mumandidziwa mukudziwa kuti m'kamwa mwanga nkhani sigona. Komanso zinkandiwawa kuti ntchito yokongola chotere aione anthu a mitundu yonse kupatula eni ake. Lachinayi, pa nthawi yopuma kufakitale ku Rosslyn, ndinaponya chithunzi cha nsaluyo pagulu lathu la pafoni.

Loweruka m'mawa takisi inadzaza yokha, amayi okhaokha, mwamuna ine ndekha. Che Idrisa anali atafika kale, chifukwa a myuziyamu anapempha eni ntchito kuti adzacheze ndi odzaona. Atationa tikutsika, anandiyang'ana ndi diso loti likanakhala sizasi, bwenzi lero ndili zidutswa. Ndinawanong'oneza kuti walira mvula walira matope. Sanaseke.

Pakhomo panachitika kanthu kena kamene kandikhala pamtima. Amayi aja, amene m'takisi ankalankhula mokweza ngati ali pamsika, ataona mlonda wa yunifolomu onse anangoti zii. Wina dzanja linapita lokha m'chikwama kukafufuza pasipoti. Mlondayo anangomwetulira n'kutipatsa moni m'chinenero cha kuno kuti, "Dumelang, bomme," n'kutilozera posiya zikwama. Basi. Sanafunse pepala la munthu.

Ndikufunseni abale anga a ku Tshwane, Pretoria yathu ino. Takhala mumzinda uno zaka zingati? Mizere ya mapepala timaidziwa yonse. Pokwerera takisi timapadziwa ngakhale titatseka maso. Ena mwa ife timapukuta fumbi pazithunzi za mabwana ku Lynnwood tsiku ndi tsiku, koma kuima pamaso pa chithunzi manja ali m'thumba, kungochiyang'ana, timati ndi za eni dziko. Anatiuza ndani? Ine ndemwe ndadutsa pa nyumba imeneyi kosawerengeka, koma ndinalowamo koyamba chifukwa cha telala. M'katimo ndinapeza chipinda cha mabuku choti munthu akhale pansi n'kuwerenga, anthu oti akuyendetseni n'kumakufotokozerani, ndi maphunziro a Loweruka ojambula ndi kuumba, a ana ndi a akulu omwe. Musadalire ine, pitani mukaone nokha. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Tibwerere kwa Che Idrisa, amene tsopano thukuta linali kamukamu.

Kutsogolo kwa gulu kunali Anaphiri, mayi wa ku Ntcheu amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Lynnwood. Anaphiri sabisa mawu, ndipo ndi iwo amene zaka zapitazo anakalipira Che Idrisa anthu akuona pa nkhani yomweyi ya nsalu yotsala. Anaima patsogolo pa basi ija manja ali m'chiuno, n'kuyamba kuiyendera ndi maso kuchokera kumatayala.

Woyamba kukuwa anali mayi wina kumbuyo. "Eish! Taonani chitseko cha basi, si siketi yanga ya pa Khirisimasi ija?"

"Ndipo phiri ilo ndi yunifolomu yathu ya kwaya!"

Che Idrisa anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Ine ndinaima kumbuyo kwawo kuti asathawe.

Anaphiri okha anasendera pafupi, n'kutambasula dzanja kukhudza windo lachitatu, pomwe panali kansalu kobiriwira ka maluwa achikasu, kosaposa chikhatho. Mtsikana woyang'anira chipindacho anathamanga. "Sorry mama, no touching."

"Ndi yanga," anatero Anaphiri, osatembenuka n'komwe. Kenako anaitana. "Che Idrisa, tabwerani kuno."

Che Idrisa anabwera.

"Iyi si ija ndinasoketsa diresi la amayi anga?"

"Ndi yomweyo, Anaphiri. Pepani, ndinalakwa, ndikanakuuzani..."

"Takhalani chete." Mawu awo anali atasintha. "Diresi lija ndinatumiza pa basi. Analivala kawiri kokha. Atamwalira anawaveka lomwelo. Ine kumaliro sindinapite, mapepala anali asanatuluke. Ndinalibe kalikonse kawo kuno, ngakhale kansanza. Ndiye inu mwawakhazika pawindo?"

Ine amene ndinayambitsa zonsezi sindinkadziwa ngati kukubwera dalitso kapena mbama.

Anaphiri anapukuta misozi ndi m'mphepete mwa chitenje, n'kuimba nthungululu.

Abale, nthungululu mu myuziyamu! Nyumba imene anthu amayenda monyang'ama n'kumanong'onezana! Amayi onse anailandira, denga lonse linalira. Anthu anatuluka m'zipinda zina kudzaona chachitika. Mtsikana uja, atamva tanthauzo lake, sanatiletse. Anangoitana amene anali pafupi kuti amve, ndipo Anaphiri, m'Chingerezi chawo cha kuntchito chosakaniza ndi Chizulu, anayamba kufotokozera alendo windo ndi windo, kuti iyi ndi ya ukwati wa uje, iyi ndi ya Idi, iyi mwini wake anabwerera kumudzi. Alendo ankagwedeza mitu n'kumajambula. Bambo wina wachikulire anagwira Che Idrisa chanza nthawi yaitali osafuna kusiya.

Mlandu unatuluka ndithu, koma osati umene telala ankauopa. Mayi wina wa ku Machinga anaifufuza basi yonse mpaka kungolo, n'kubwera nkhope itakwinyika. "Che Idrisa, zaka zonsezi ndikusoketsa kwa inu, nsalu yanga ilibe mpando m'basi yanuyi? Ndinakulakwirani chiyani?"

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinanyadanso, ndipo sindibisa. Chiyambireni kukhala kuno ndinali ndisanaonepo Amalawi ataima pakati pa nyumba yaikulu ya mumzinda uno, mitu ili m'mwamba, anthu ena n'kumawafunsa mafunso oti amve, osati oti awagwire.

Lachitatu nditaweruka ndinadzera kukashopu kuti ndikapepese mwamwambo. Ndinapeza Anaphiri afika kale. Anatulutsa m'chikwama chitenje chathunthu, chatsopano, n'kuchiyala pamakina.

"Ndisoke chiyani, Anaphiri?" anafunsa Che Idrisa, tepi ili kale m'manja. "Diresi kapena siketi?"

"Musandiyeze. Muchidule chonse, chilowe m'thumba lanu lija," anatero. "Basi mwapachika ija ikungobwera ku Joni. Yambani kusoka ina yobwerera kwathu, ndipo ine mundisungire mpando wa pawindo."