Mkono wa Mayi Zipi

Pa 14 Meyi, koleji inafufuta mayeso a mwana wa Mayi Zipi, ati anabera. Umboni wake ndi mkono.

Mayi Zipi ndi telala, ndipo palibe zipi imene inawakanikapo. Chipinda chawo n'chimodzi: kukhomo makina, kuseri kwa katani bedi, pakati thebulo lodulirapo nsalu. Mwana wawo wamkazi, amene akuphunzira unamwino, anakulira pansi pa thebulo limenelo akutola mabatani.

Anthu amataye a kukoleji atalengeza kuti ophunzira onse ndi okonzeka kuphunzira pa intaneti, mayiwa sanatsutse. Anapereka foni yoimbirapo makasitomala. Anapereka thebulo. Koma lamulo la mayeso linati kamera iyake, wophunzira asakhudze foni, ndipo m'chipinda akhale yekha. Yekha! Tsikulo kunja kunali chimvula. Mayi Zipi anaimitsa makina nakhala pansi pakona pomwe kamera siona, akusoka diresi laukwati pamanja. Chifuwa chitawagwira, anachimeza.

Foni anali ataitsamiritsa pa chitini cha mabatani. Lole itadutsa mumsewu, thebulo linanjenjemera, foni n'kuyamba kutsetsereka. Mwana anangoiyang'ana, cholembera chili m'manja. Mayi anatambasula mkono naiimika bwino. Basi.

"Amayi, mwandipha," ananong'ona mwanayo.

"Ikanagwa bwenzi akuonera denga lodontha. Lembani, anesi anga."

Chigamulo chitatuluka, Mayi Zipi anavala bulauzi yawo yabwino napita kukoleji. Sanawapatse ndi mpando womwe. Mkulu wa mayeso anawaonetsa chithunzi cha pa kamera ija pa windo la ofesi.

"Mkono uwu ndi wanu?"

"Ndi wanga, bambo. Si icho chipsera cha ayironi."

"Ndiye mwavomera."

"Ndavomera mkono. Za mankhwala ndidziwa chiyani ine? Thupi la munthu ndimalidziwa ndi tepi: chiuno, phewa, msinkhu."

Mkuluyo anatseka windo.

Lero mwana akusita zovala za makasitomala, mabuku ali m'katoni pansi pa bedi. Sadandaula, ndipo kusadandaulako ndiko kukuwadya mayi ake. Mawu oti "anesi anga" sakutulukanso pakamwa pawo.

Inu akoleji, pamene munkati ana ndi okonzeka, munalowa m'chipinda cha yani? Munkafuna mayiyu aime pamvula, kapena foni igwe kuti mumulepheretse mwana pa mlandu wina? Yankhani poyera: mwana wa Mayi Zipi alembanso liti mayeso ake?