Simunandilakwire

Kuntchito amawatcha aNdendende, chifukwa ukawafunsa ngati mapepala adulidwa bwino, yankho lawo ndi lomwelo: "Ndendende." Ntchito yawo ndi yosoka mabuku m'kachipinda kakumbuyo pamalo osindikizira, komwe kumanunkha guluu ndipo phokoso la makina limafikako litatopa kale. Akhala patebulo la m'menemo kuyambira tsitsi likadali bii. Masana amadya okha, atayang'ana kukhoma. Sikuti amadana ndi anthu, ayi. Kungoti anthu amanena china akutanthauza china.

Mbali imeneyo ankawagwirira ndi akazi awo. Munthu akaponya nthabwala, mayiwo ankawatsina pang'ono pachigongono, kutanthauza kuti, "Awa akungocheza, sekani." Akatsina kawiri ndiye kuti, "Nenani zikomo, mukhale chete." Ndi chigongono chimenecho anadutsa m'maukwati, m'misonkhano ya makolo kusukulu, ngakhale pakati pa alamu awo olongolola.

Mayiwo anamwalira mvula itangoyamba. Anthu atadzaza pabalaza, aliyense akuwagwira dzanja n'kumati, "Pepani, bambo," panalibenso wowatsina. Iwo ankayankha mmodzimmodzi, mwaulemu ndithu: "Simunandilakwire." Misozi sinabwere. Kutacha, maliro ataikidwa dzulo lake, anavala n'kupita kuntchito, popeza linali Lachiwiri.

Mwana wawo yekhayo, mtsikana wophunzitsa kumzinda wina, anawauza ali pakhomo, chikwama chili kale paphewa: "Adadi, m'chifuwamo muli mwala. Amayi anatha moyo wawo wonse akusamala mwala. Ndidzabwera kudzatenga zovala zawo, kenako musadzandifunenso."

ANdendende ankadziwa kuti m'chifuwa mwa munthu simukhala mwala weniweni. Komabe anadzigwira pamenepo, n'kudikira. Sanamve kalikonse. Anangoti mwina mwanayo akunena zoona.

Masiku anayenda choncho, ofanana ngati mapepala osalembapo. Ndiye kunabwera ntchito ya timabuku tophunzitsira anthu a zaumoyo. Mayi wa pakauntala anatula mulu wa mapepala patebulo.

"Achimwene, izi mufulumire. Eni ake akuzifuna dzulo."

"Dzulo latha."

"Eya, vuto lake ndi limenelo!" anaseka mayiyo. "Komanso wodula mapepala uja wadula ali ndi chibwenzi m'mutu. Manambala a masamba apita ndi mpeni, ndipo mulu woyambawu unagwa pansi. Muona nokha."

Pa zaka zonsezo aNdendende sankawerenga mabuku omwe ankasoka. Maso awo ankangoona nambala yapansi, basi. Koma popanda nambala, njira inali imodzi: kuwerenga mzere womaliza wa tsamba, n'kufunafuna lina lomwe likupitiriza nkhaniyo.

Kabukuko kankanena za otizimu, chibadwa chomwe chimachititsa munthu kumva ndi kuona zinthu mosiyana ndi anzake, mwa anthu akuluakulu, ndipo ena mwa anthuwo ankadzifotokoza okha. Mayi wina ankati mawu amawamva monga anenedwera, ndipo pocheza amatopa ngati wasenza katundu. Bambo wina ankati mchimwene wake atamwalira sanalire. Chakudya chinangosiya kukoma, ndipo anakakamira ntchito chifukwa ndi yokhayo inatsala pamalo pake.

ANdendende anawerenga tsamba limenelo mpaka pansi, n'kuyambiranso. Guluu anauma pabulashi. Sitinganene kuti anakondwa, kungakhale kuwanamizira. Zinali ngati pamene wapeza tsamba lotayika pansi pa tebulo, ndipo wadziwa pomwe likulowa. Anakumbukira kuti chiyambire mvula, chilichonse chomwe adya chimamveka ngati katoni mkamwa.

Kabuku si dokotala, ndipo nakonso kanadzinenera zimenezo koyambirira. Iwo sanadumphe mawu amenewo. Anangosoka ntchito yonse, n'kupempha kamodzi komwe chikuto chake chinapindika.

"Sukulu ya ukalamba?" anatero mayi wa pakauntala. "Tengani, n'zotaya izo."

Loweruka mwana uja anabwera ndi sutikesi yaikulu. Moni wake unali wapakamwa chabe. Analowa kuchipinda, n'kuyamba kupinda madiresi a mayi ake pabedi. ANdendende anaima pachitseko ndi kabuku kaja, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu awo a masiku onse, osakwera, osatsika. Mwanayo sanacheuke. Atamaliza, m'chipindamo munangomveka mahang'ala akugundana.

"Ndiye mukuti chiyani, adadi? Mukudwala?"

"Akuti si matenda. Akuti munthu amabadwa choncho."

"Ndiye buku likulirireni?"

"Buku silingalire."

Mwanayo anaponya diresi musutikesi. "Mwaonatu. Ndi zomwezi."

ANdendende anayang'ana pansi, pomwe nsapato za malemu zinali zitandandalikidwa monga anazisiyira mwini wake. Anasankha mawu mosamala, ngati akulowetsa ulusi pasingano.

"Chakudya sichikukoma. Pabedi apa ndimagona m'mphepete, malo a amayi ako sindiwakhudza. Kaya kulira kwake n'kumeneko, sindikudziwa. Ndafufuza, mwanawe. Sindikupeza dzina lake. Koma si mwala."

Apo mwanayo anacheuka. Anaona dzanja la bambo ake lili pachigongono, zala zikutsina, kusiya, kutsinanso. Anayandikira n'kukweza mkono wa malaya awo. Khungu la pamenepo linali litada ndi timabala, tina takale, tina tatsopano.

"Izi mwayamba liti?"

"Anthu akamalankhula. Ndimayesa ndekha, koma sindidziwa kuti ndi kamodzi kapena kawiri."

Mwanayo anakhala pabedi, pamwamba pa zovala zomwe anapinda. Anakulira m'nyumba imeneyo, ndipo kutsina kuja ankakuona kuyambira ali wamng'ono, koma ankayesa kuti ndi masewera a anthu okwatirana. 

"Pepani, adadi."

"Sunandi..."

Zala ziwiri zinawagwira pachigongono, pambali pa mabala. Kamodzi. Kawiri.

"Zikomo," anatero aNdendende, n'kukhala chete.

Sanalire, ndipo mpaka pano sanalirebe. Madzulo mwanayo ananyamuka ndi diresi imodzi yokha ndi kabuku kaja, n'kunena kuti sutikesi yalemera, adzaitenga Loweruka linalo. Amabwera ndithu. Koma sutikesiyo ikadali pakona, yotsegula, ndipo aNdendende amailambalala bwinobwino akamasesa.