Dimba Lomwe Tinabzalamo Chitedze

Ndinaganiza zochoka tsiku lomwe asipayo, apolisi a atsamunda, anagwira mnzanga wa khomo loyandikana n'kupita naye ku chibalo, kuntchito yokakamiza. Ndinali mkamwini watsopano kumudzi kwa akazi anga a Naphiri, cha ku Chiputo, ndipo iwo anali ndi pakati. Ndinawauza tili kudimba, m'mbali mwa kamtsinje, iwo akuzula chitedze.

A Naphiri ankadana ndi chitedze ngati kuti chinawalakwira. Mvula ikangogwa ankazungulira nthochi ndi khasu, kukumba mpaka muzu chisanayange, chifukwa chikabereka nyemba zake zaubweya zija, ngakhale mphepo yodutsapo imayabwa. Zozulazo ankaziunjika n'kuzitentha zikauma. Tsikulo sanaweramuke n'komwe.

"Pitani, bambo. Dimba ili mudzalipeza loyera. Mukadzaona chitedze chakwera nthochi, mudziwe kuti ine kulibe."

Tinaseka tonse. Lero mawu amenewo sindiwaseka.

Ndinawoloka Zambezi n'kukapeza ntchito kunja kwa dziko, mumzinda wa Sozibele, yosamala maluwa pakhomo pa mzungu. Ine munthu wandevu, kugwada tsiku lonse kuzula udzu pakati pa udzu unzake! Malipiro ake anali ongokwana sopo ndi kangachepe kotumiza kumudzi. Ndinkagona ndekha m'kachipinda kuseri kwa nyumba, ndipo Lamlungu ndinkapita kumsika osagula kanthu, kungofuna kumva wina akulankhula Chinyanja.

Uthenga woyamba unati kwabadwa mwana wamkazi, dzina lake Rozariya. Ndinamutumizira kadiresi kofiira. Wachiwiri unati nkhondo yafika, tropa, asilikali a atsamunda, akuwotcha midzi n'kukankhira anthu m'alidiyamento, mudzi wozunguliridwa ndi waya. Kenako kunati zii. Kadiresi kachiwiri kanabwerera ndi munthu yemwe ndinamutuma.

"Achimwene, kumudzi kuja ndapezako phulusa lokha," anatero osandiyang'ana.

Ndinapirira zaka, kenako mtima unakana. Ndinabwerera m'chilimwe, nthawi yomwe chitedze chimakhala chitakhwima. Ku alidiyamento ya kufupi ndi Fingoe a Naphiri kunalibe, ndipo abale awo ndikawafunsa ankangoyang'ana pansi. Ndinabwereka chikwanje n'kudzera m'tchire, kulewa msewu wa tropa.

Pamudzi pathu panali bata loopsa, popanda ngakhale tambala. Ndinatsikira kudimba. Chitedze chinali chitakwera nthochi zonse, chitayanga mpaka pamwamba pa mtengo wa mango, nyemba zili lendelende. Ndinakumbukira mawu aja ndipo ndinadziwa kuti ndachedwa. Mkwiyo unandigwira. Ndinayamba kutema ngati wamisala, ubweya ukundigwera m'khosi ndi m'khwapa, thupi lonse likuyaka, misozi ikutsika.

"Ikani chikwanjecho pansi, bambo a Rozariya. Mukufuna ndege itione?"

Mawuwo anali onong'ona, ochokera m'kati mwa ziyangoyango. Ndinayesa mzimu. Koma cha kumtsinje, pa kanjira kongokwana munthu wokwawa, panatuluka a Naphiri, atafunda chiguduli, ataonda ngati bango. Sanandikumbatire. Anayang'ana kaye kumwamba.

"Chimenechi ndabzala ndine," anatero. "Munda woyera umaitana ndege. Tropa akafika pano amayamba kukanda, n'kubwerera akutukwana."

Ndinawatsata chokwawa. M'katimo munali kamsasa, mbatata zoyanga pansi, ndi timitengo ta chinangwa. Ndinayang'ana uku ndi uku, kufuna kamwana kovala zofiira.

"Nanga Rozariya?"

Analoza ndi chibwano kukamulu ka dothi patsinde pa mango, pomwe chitedze chinathithikana kwambiri.

"Malungo. Tropa anali tsidya lomweli, ndiye sindinalire. Ndinamuika ndekha, atavala kadiresi kanu kaja. Apa fisi safikapo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifuule, koma anandigwira mkono mwamphamvu n'kupukusa mutu. Maliro a mwana wanga, yemwe sindinamuonepo, ndinawalira chonchi, milomo ili chitsekere. Kenako tinabwezera ziyangoyango zomwe ndinatema zija pamalo pake, ndipo anandipatsa nthanga za chitedze m'kansanza.

"Mwaboola mpanda. Mvula ikagwa mubzalenso."

Ine amene ndinkalipidwa pozula udzu, chaka chimenecho ndinagwada n'kubzala chitedze ndi manja anga.

Nkhondo itatha tinalimbana nacho dimbalo. Chitedze sichichoka ndi kutema: tinkatentha mphepo ikuloza kwina, n'kukumba mizu, ndipo mvula iliyonse china chinkamerabe. Pang'onopang'ono nthochi zinapumanso. Koma patsinde pa mango sitinakhudzepo, ndipo mpaka lero sindikhudzapo. Odutsa amati mdala uyu watopa, wasiya chitedze pakona. Ndimangowasiya anene. M'chilimwe mphepo ikachokera kumeneko, mikono imandiyabwa, ndipo ndimaima pomwepo osathawa.

A Naphiri anakhala nane zaka zambiri pambuyo pake. Anabereka ana ena, analima, anakalamba. Koma sindinawamvenso akuseka ngati tsiku lija kudimba, ndipo mpaka kumwalira kwawo ankalankhula monong'ona, ngakhale poitana nkhuku. Ananena zoona tsiku lomwe ndinkachoka. Ndinapeza chitedze chitakwera nthochi, ndipo mkazi amene ndinamusiya uja kunalibe.