Achimwene Achibwibwi ndi Galimoto ya Mazira

Achimwene anga amachita chibwibwi. Ndayamba ndi zimenezo kuti tithane nazo msanga, chifukwa anthu ambiri akawamva koyamba amaluma milomo kubisa kuseka, ndipo ine zimenezo zimandinyansa. Si chibwibwi chamasewera ayi. Mawu akawatsamwa amatsinzina, mitsempha ya m'khosi imatupa, kenako dzanja lamanja limadzimenya pantchafu, phaa, ndiye liwu limatuluka. Anzawo kuntchito amawatchula kuti a Injini, ati amayankhula ngati galimoto yokana kulira m'mawa kukuzizira. Iwo amaseka nawo. Ine mlongo wawo wamng'ono, telala wapakamwa pakuthwa monga amanenera anthu, sindiseka.

Chodabwitsa n'chakuti akamayankhula ndi nkhuku sachita chibwibwi. Ntchito yawo ndi yonyamula mazira kuchokera kumakola a bwana wina kukasiya m'masitolo. M'mawa akamapakira matileyi mungawamve akuzidzudzula nkhukuzo bwinobwino kuti zaikira mazira ang'onoang'ono. Koma pangobwera munthu wovala yunifolomu, ngakhale mlonda wapageti, pakamwa pamatsekeka.

Anayesapo ntchito zina. Musitolo makasitomala ankatuluka asanamalize kuwauza mtengo. Ulonda unawakanika chifukwa cha kawailesi kaja koitanira anzawo. Atapeza laisensi ndi pamene tinawaona akunenepa, chifukwa chiwongolero sichifunsa mafunso. Banja lawo lonse, alamu anga ndi ana, limadya kuchokera pa kapepala kolimba kameneko.

Vuto lawo lalikulu silinali chibwibwicho, koma njira imene anapeza yochithawira. Munthu akawapanikiza ndi funso, ankangogwedeza mutu kuvomera kuti nkhani ithe. Mwadya? Eya. Ndinu munaswa kapu? Eya. Tsiku lina wapolisi anawaimitsa n'kunena kuti adutsa maloboti atafiira. Sanadutse, achimwene amaima ngakhale powoloka galu. Koma anagwedeza mutu. Nkhani inakafika kwa bwana wa mazira poti galimotoyo ndi yake, ndipo anawauza pamaso pa opakira onse kuti akadzamvanso za apolisi, adzasiye makiyi patebulo asanafunsidwe.

Kuyambira pamenepo mantha anawalowa m'mafupa. Akaona chovala chonyezimira patali, ngakhale cha anthu okonza msewu, thukuta linkatsika m'khosi. Alamu anandiuza kuti m'mawa tiyi ankangomuyang'ana mpaka kuzizira.

Ndili ndi kasitomala wina, mayi wogwira ntchito kukhoti, amene ndimamusokera masiketi. Ndikumuyeza m'chiuno, mapini ali pakamwa, ndinamufunsa kuti munthu azitani apolisi akamuimitsa. Anati aime pambali pabwino, azimitse injini, atsitse galasi, manja akhale pachiwongolero pomwe wapolisi akuwaona. Asatuluke asanauzidwe, asakokane ndi munthu, mapepala apereke akafunsidwa. Koma anatsindika chimodzi, kuti ulemu si kuvomera. Munthu akhoza kufunsa chimene wamuimitsira, akhoza kukhala chete, koma asavomere chimene sanachite. Anawonjeza kuti ngati pali mnzake m'galimoto, aziona zonse ndi kukumbukira dzina la pabaji, ndipo akafuna kujambula asabise foni komanso asamuyandikire wapolisiyo.

Ndiye tinayamba sukulu m'khitchini mwa alamu. Mipando iwiri, achimwene atagwira chivundikiro cha poto ngati chiwongolero, ine wapolisi. Ndinkawabwatukira zenizeni mpaka ana ankathawira kuchipinda. Ndinkawanamizira milandu yosiyanasiyana, matayala akutha, liwiro, lamba, ndipo mutu ukangoyamba kutsika ndinkagogoda tebulo ndi chipande. Chimene tinalephera kuthetsa chinali dzanja lija. Alamu ndi amene ananena tsiku lina, ali chiimire pasinki, kuti dzanja limenelo lidzawapweteketsa, chifukwa wapolisi sadzadziwa kuti likupita pantchafu, adzayesa kuti likupita m'thumba. Sukulu tsiku limenelo inathera pomwepo.

Tsiku lenilenilo linafika m'mawa wina dzuwa litakwera kale. Makina anga osokera ankadula ulusi, ndiye ndinapempha achimwene kuti andinyamule kwa wokonza poti ndi njira yomweyo. Makinawo ndinawafungatira pamiyendo. Mvula inali itaononga msewu, maenje okhaokha, ndipo munthu wonyamula mazira sadutsa m'dzenje. Achimwene ankayenda pang'onopang'ono, uku akhota, uku akhota, kuzemba dzenje lililonse ngati akuvina. Ndinawaseka kuti njinga zikutipitirira.

Titangokhota pakona, dzanja la wapolisi lovala golovesi yoyera linakwera m'mwamba.

Ndinamva mpweya wawo ukusintha. Anaima pambali bwinobwino, anazimitsa injini, anatsitsa galasi, manja onse pachiwongolero. Ine ndinawanong'oneza kuti zili bwino, ndi za m'khitchini zomwe zija.

Anabwera wapolisi wachinyamata, wamtali, mfuti yaing'ono ili m'chiuno. Anapereka moni mwachidule n'kupempha laisensi. Achimwene anapereka. Mnyamatayo anaiyang'ana, kenako anaweramira pawindo n'kununkhiza. Apa mudziwe kuti kumakola kuja munthu aliyense amaponda m'mankhwala ndi kupopera manja asanatuluke, ndipo fungo lake ndi lakuthwa ngati la mowa wotcheza. Maso a achimwene nawo amakhala ofiira m'mawa uliwonse chifukwa cha fumbi la nthenga. Wapolisi anali ataona galimoto ikukhotakhota, tsopano akumva fungo, akuona maso.

"Mwamwa zingati m'mawa uno, madala?"

Achimwene anatsegula pakamwa. Palibe chinatuluka. Nsagwada zinkangogwedera, maso atatsinzina. Ndinalowererapo kuti bwana, achimwene angawa amachita chibwibwi, sanalawepo mowa chibadwire. Anandiyang'ana kamodzi n'kunena kuti sakuyankhula ndi ine, ndikhale momwemo ndipo ndisatsike. Anawauza achimwene kuti atuluke. Anazula makiyi yekha, ndipo makiyi ndi laisensi zonse zinalowa m'thumba la malaya ake, n'kumanga batani.

Batani limenelo, abale inu, ndinalimva mumtima. Ndinaona alamu, ndinaona ana, ndinaona tebulo la bwana lija.

Anawaimika kutsogolo kwa galimoto. Ine ndinatulutsa foni, ndinaikweza poonekera pagalasi lakutsogolo n'kuyamba kujambula. Wapolisi anaiona, anakwinya nkhope, koma sanandiletse. Dzina la pabaji ndinaliwerenga mobwereza chamumtima ngati pemphero. Anthu anayamba kusonkhana, ogulitsa zinthu m'mbali mwa msewu, a njinga, aliyense khosi lili m'mwamba.

Kenako mnyamatayo anafewetsa mawu, ndipo apa ndi pamene ndinaopa kwambiri. Anati iye si munthu wovuta, aliyense amalawako, mwina ndi za dzulo zatsalira m'thupi. Anati angovomera, akambirane ngati anthu, azipita asanaononge mazira a eni ake.

"Munalawako pang'ono, eti? Ingogwedezani mutu basi."

Ndinaona chibwano cha achimwene chikuyamba kutsika. Zaka zonse za moyo wawo zinali kukokera mutu umenewo pansi. Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kugogoda galasi, koma ndinadziwa kuti ndikatero ndiwaonjezera mlandu. Ndinangoluma lilime mpaka kumva magazi.

Mutu unaima pakati. Unabwerera m'mwamba pang'onopang'ono. Anatsinzina, mitsempha inatupa, "Si-si-si-si," ndipo dzanja lamanja linanyamuka lokha mwamphamvu kulowera kuntchafu.

Wapolisi analumphira m'mbuyo, dzanja lake lili kale pachiuno. Anthu aja anabalalika, mayi wina anagwetsa beseni. Sindidzaiwala mmene achimwene anagwirira dzanja lawolo ndi linzake lisanafike, ngati akugwira mwana wothamangira mumsewu, n'kuwasanjika onse awiri pachitsulo chotentha cha kutsogolo kwa galimoto. Anaweramira pamenepo, thukuta likudontha pamphuno. Popanda dzanjalo liwu linalibe potulukira. Anamenyana nalo ndi khosi lokha.

Mnyamatayo, mantha atamuchoka, manyazi anamusandutsa wankhanza. Anayamba kuwayeserera, si-si-si-si, akuyang'ana anthu amene anali atabwereranso kuti aseke. Ena anasekadi. Anatulutsa maunyolo n'kumawagwedeza, ati tikathere kupolisi. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, ine ndinkangoona ngati dzuwa laima.

"Si-sindinamwe, bwana. Ndi-ndi-ndiyezeni."

Linatuluka lophwanyikaphwanyika, koma aliyense analimva. Analibwerezanso kachiwiri mokweza, maso ali pansi.

Tsidya lina la msewu kunali wapolisi wamkulu, mayi wojintcha amene ankayang'ana mapepala a lole. Phokoso lija linamukoka. Anafunsa mnzakeyo chimene chikuchitika, anamvetsera, anayang'ana achimwene, anayang'ana foni yanga. Ananena kuti munthu wapempha kuyezedwa, ayezedwe. Kachipangizo kopumiramo kanali m'galimoto ina imene inali itachokapo, ndiye tinadikira. Achimwene anakhala chiimire padzuwa, manja sanawachotse pachitsulo paja ngakhale anauzidwa kuti akhoza. Kumbuyo mazira ankatenthedwa, foni yawo inkalira m'galimoto mosalekeza, dzina la bwana likuwala, ndipo ine sindinayerekeze kuyankha.

Kachipangizo katafika anapumiramo. Mayi uja anayang'ana, anaonetsa mnzake, kenako anakatembenuzira kwa achimwene ndi kufoni yanga. Munalibe kalikonse. Batani linamasulidwa, makiyi ndi laisensi zinabwerera. Pepani sanatuluke pakamwa pa aliyense. Mayiyo anangofunsa kuti bwanji sananene poyamba kuti amachita chibwibwi. Ha, mawu amene anandidzadza m'kamwa nthawi imeneyo, ndikanawatulutsa bwenzi nditagona m'chitolokosi ine. Ndinawameza.

M'manja mwa achimwene munali mutatuluka matuza. Anayendetsa choncho, ndipo za makina anga tinaziiwala. Masitolo awiri anakana mazira ati tachedwa, agula kwina. Titabwerera kumakola tinapeza bwana ali pakhomo la ofesi, opakira atamuzungulira. Dalaivala wina wa pomwepo anali atadutsa pamsewu paja, n'kuimba foni kuti a Injini awagwira ataledzera, ali pamaunyolo.

Bwana sanafunse chilichonse. Anangotambasula dzanja kuti makiyi.

Achimwene anayesa kufotokoza, koma mphamvu zonse zinali zitatsala pamsewu. Milomo inkangogwedera. Ine ndinayamba kulongosola, bwana anandidula kuti mlongo sangachitire umboni mlongo wake. Apolisi sanatipatse chilichonse chosonyeza kuti munthu wayezedwa. Chinalipo ndi foni yanga basi, ndipo m'fonimo munali zonse, kuwerama kuja, thukuta, kuyesereredwa, anthu akuseka. Ndinawayang'ana achimwene. Ndi munthu amene ngakhale paukwati wa mwana wa m'bale wathu anakana kujambulidwa akuyankhula. Anayang'ana makiyi m'dzanja lawo lamatuza, kenako anatenga foniyo okha n'kumupatsa bwana.

Opakira anaunjikana paphewa pake. Pamene wapolisi ankati si-si-si-si, mmodzi anaphulika kuseka, wina n'kumutsatira. Achimwene anaima pomwepo akumva mawu awo omwe akutsamwa m'kafoni, maso ali pa nsapato. Pofika pa dzanja lija kuseka kunatha. Bwana anaonera mpaka pa kachipangizo, anabwezera m'mbuyo, anaoneranso. Anandibwezera foni, anakanda m'mutu, n'kunena kuti mazira obwererawo alowe mozizira, ndipo mawa alawirire chifukwa masitolo aja akwiya. Makiyi sanawatchulenso.

Achimwene anandiperekeza kunyumba pagalimoto yomweyo, makina anga akadali pamiyendo. Pageti panga anazimitsa injini n'kutsamira chiwongolero. Mapewa ankagwedezeka. Ine wolongolola uja ndinangowagwira pamsana, malaya ali chonyowa. Mtima unkandiwawa chifukwa cha kuseka kuja, ndipo ndinatulutsa foni n'kuwauza kuti chinthu chimenechi ndikuchifufuta pompano, munthu wina asadzachionenso.

Anadzutsa mutu. Anagwira dzanja langa, chala chili pafupi kudina.

"U-usafufute," anatero. "Ma-mawa ndi-ndidutsanso pomwepo."