Injiniya wa pa Intaneti Akayesedwa ku Lusaka

Ndinanyamuka ku Kafue Lachinayi m'mawa, dzuwa lisanayambe kuluma, nditavala suti ya eni. Inachokera m'belo la salaula, zovala zakaunjika, la mkazi wanga, amake Tisa, ndipo mphunzitsi wina anali ataisungitsa kale kuti adzaitenge mwezi ukatha.

"Ibwele mwamene yayendela," anatero amake Tisa akundipatsa ndalama ya basi. "Mukaifaka doti, muzagona nayo panja."

Ine ndine mmisiri wosema zitsulo. Ndinkagwira ntchito pa fakitale ya nsalu, ndikusema timano ndi timipini ta makina akathyoka. Boma litatsegula malire, salaula inasefukira m'misika, fakitale n'kugwa, ife n'kuuzidwa kuti tikapume. Kuyambira pamenepo nshima ya pakhomo panga inkachokera m'mabelo omwewo amene anandilanda ntchito. Ndinkaidya ndikuitukwana, koma mbale sindinkabweza.

Posowa chochita ndinapeza ntchito yatsopano, yokangana. Kasitolo kena pafupi ndi msika kanaika makompyuta awiri, ndipo pa intaneti ndinapezapo bwalo limene anthu akwathu, a kuno ndi okhala kunja, ankatsutsana za malipiro a amisiri, misonkho ndi mafakitale. Ndinadzitcha Injiniya wa ku Kafue. Ndinkalemba ndi chala chimodzi, koma chalacho chinali chaukali. Lamulo langa ndinkalibwereza mpaka ena kunyansidwa nalo: mmisiri weniweni sagwira sipanala asanamve malipiro. Tsiku lina mkamwa munatentha, ndinalemba kuti makina atsopano oyendetsedwa ndi kompyuta ndimawadziwa ngati thumba langa, chonsecho ndinali nditangowaona pa chithunzi. Apo mpamene a Daka, mwini wekishopu ina ku Lusaka, anandiyankha pamaso pa onse: "Bwerani Lachinayi dzuwa lisanafike pamutu. Mukakhoza, ntchito ilipo."

Ntchito! Zaka zonsezo palibe amene anali atanditchulirapo mawu amenewa.

Pa siteshoni kondakita ankafuula kuti kwatsala munthu mmodzi yekha, ngakhale mipando yambiri inali yopanda munthu. Ndinalipira faifi pini, ndiye kuti makwacha zikwi zisanu. Zitumbuwa ndinazikana poopa mafuta, n'kugula chinangwa chootcha ndi mtedza. Koma mwayi wanga ndimaudziwa. Pambali panga panakhala mayi wonenepa bwino, pamiyendo ali ndi beseni la nsomba za mumtsinje, zikudontha. Ndinakhala chopendekeka ngati nkhuku yonyowa, jekete nditalikokera kuwindo.

Titadutsa mphambano yolowera ku mafakitale ndinayang'ana kumbali, chifukwa msewu umenewo umandipweteka mtima. Pofuna kuiwala, ndinayamba kuphunzitsa mayi uja za chuma cha dziko. Ndinamufotokozera kuti wopanga chinthu kuno amalipira msonkho pa chitsulo, pa magetsi ndi pa thukuta lake lomwe, pamene wobwera ndi chopangidwa kale amangolowa akuimba mluzu. Anamvetsera mwaulemu, akuingitsa ntchentche.

"Manje imwe ba tata, musebenzela kuti?"

"Pa intaneti. Baniziba ngati injiniya."

"Balipila bwino?"

"Ndine nilipila," ndinayankha motsitsa mawu.

Mayiyo anaseka mpaka nsomba kugwedezeka.

Pa Shimabala, pakati pa minda ya chimanga, basi inayamba kufuka nthunzi pansi pa mpando wakutsogolo, kenaka inaima. Dalaivala ndi kondakita anakweza mpandowo n'kuyamba kulozana zala. Ine ndinali nditaona kale kuti paipi ya madzi yavuka, koma ndinangoyang'ana kumwamba, manja ndili m'thumba.

"Osavutika!" anafuula mayi wa nsomba. "Tili na ba injiniya muno!"

Maso onse anagwera pa ine. Ndinadzuka mwaulemerero n'kufunsa funso la lamulo langa: "Munipasa zingati?"

"Ba mudala, na imwe muli paulendo," anatero dalaivala.

Tinanenerera mtengo dzuwa likukwera, mpaka anavomera kundibwezera theka la ndalama ya basi. Kunena zoona, akanalimba pang'ono ndikanakonza ulere, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo wothamangira nthawi ndinali ine. Jekete ndinasungitsa kwa mayi uja. Ndinadula nsonga yong'ambika ya paipi, ndinaibwezera ndi kuimanga ndi waya amene mlimi wina anatipatsa. Basi inalira, anthu anaomba m'manja. Lamulo linapambana, koma thalauza la mphunzitsi linali ndi banga la oilo pa bondo, ndipo jekete linabwerako likununkha mtsinje wonse wa Kafue.

Tinadutsa Chilanga ndi fumbi lake loyera la simenti, tinadutsa Makeni. Mu tauni ndinatsika n'kuyenda wapansi kulowera ku mafakitale, ndipo ndinafika thukuta lili kamukamu, mthunzi wanga utatsala pang'ono kubisala pansi pa nsapato.

A Daka ndinkawaganizira ngati bwana wa mimba ndi tayi. Ndinapeza kamunthu kakafupi, ka imvi, kali mu ovolosi yong'ambika pachigongono.

"Ndimwe ba Injiniya? Bwelani, mashini yanu iyi."

Anavundukula lona. Pansi pake panali chimakina choyera ngati filiji, cha galasi kutsogolo ndi mabatani osawerengeka. Ndinachizungulira kufuna chogwirira, osachipeza. Ndinachizunguliranso, ndikugwedeza mutu ngati dokotala. Manyazi anandigwira. Ndinaona ntchito ikundipulumuka, ndinaonanso nkhope ya amake Tisa madzulo ake.

"Ba Daka," ndinatero, "iyi nenze naiona chabe pa pikicha."

Anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Nenze niziba! Olo mwenze muiziba, siingasebenze. Msonkho wa pa boda unadya ndalama zonse. Manje pulogalamu yoiyendesa ni mutengo wa nyumba, futi bafuna uzilipila chaka na chaka. Nagula ng'ombe, mukaka unasala ku benangu."

Atapukuta misozi ya kuseka anandigwira dzanja, nalitembenuza, nayang'ana oilo wa ku Shimabala amene anali m'zikhadabo. Anangondikodola kuti ndiwatsate kuseri.

Kumeneko, pakati pa zitsulo zadzimbiri, panali makina akale obiriwira, osemera pamanja. A Daka anati anawagula pa okushoni, pa malonda opikisana mtengo, ndipo ndi amene ankadyetsa wekishopu yonse, kungoti mmisiri wake anali atapita kukafuna ntchito kunja. Ine sindinkamvanso. Maso anga anali pa chogwirira cha gudumu lakutsogolo, chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Mphira umenewo ndinakulunga ndine, chaka chimene Tisa anabadwa, chifukwa chitsulocho chinkanditulutsa matuza.

Anali makina anga. Tsiku lotseka fakitale ndinawapukuta, ndinawathira mafuta, poganiza kuti tibwerera sabata yamawa. Ndinaika dzanja pa mphirawo, zala n'kulowa m'malo mwake ngati sizinachokepo. Ndinalira, ine bambo wa ndevu, mu suti yonunkha nsomba, ndipo sindinabise.

A Daka anandipatsa mpini wopindika wa chigayo kuti ndiseme wina wofanana nawo. Jekete ndinaponya pa dilamu osayang'ana n'komwe pamene lagwera. Makina analira kulira kwake komwe kuja, kokhala ndi kachifuwa pang'ono poyamba. Nditamaliza anauyeza mpiniwo, nati, "Mande, seveni koloko. Suti musiye ku nyumba."

Ndalama ya ku Shimabala ija ndinadyera nshima ya nyemba pa kantemba ka zakudya m'mbali mwa msewu, ndipo sindikumbuka chakudya china chimene chinandikomera chotero. Pobwerera ndinkamwetulira ndekha ngati wamisala, mpaka kondakita anandifunsa ngati ndili bwino.

Ndinafika ku Kafue dzuwa litapendeka. Amake Tisa anayang'ana bondo la thalauza, ananunkhiza jekete, natseka maso kwa kanthawi. Ndinafulumira kuwauza kuti ntchito ndaipeza, pa makina anga omwe aja.

"Mulungu ni mukulu. Bazakulipilani zingati?"

Ine, Injiniya wa ku Kafue, amene ndinalimbana ndi dalaivala pa msewu chifukwa cha theka la faifi pini, ndinali nditavomera ntchito osafunsa malipiro.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti chimene ndinkalirira zaka zonsezo pa bwalo lija sichinali malipiro okha, manja anga ndi amene ankasowa kwawo. Pa bwalopo sindinalembepo za tsikuli. Amake Tisa anatenga beseni ndi sopo, nandiikira pamapazi.

"Ba injiniya, yambani na iyi. Malipilo tizakambilana mukasiliza."